Ulenje woyamba wa mule deer pa malo a boma ku Colorado: tiyambire pati?

Bambo Phiri, Aurora

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayamba kale kusaka nyama kuno kumadzulo kwa America. Chaka chino ine ndi alamu anga a Nkhoma, omwe akuphunzira ku South Bend ku Indiana, tikufuna kukasaka mule deer, mtundu wa agwape a makutu akuluakulu, pa malo a boma ku Colorado, ndipo tonse awiri sitinasakepo m'dziko lino. Maphunziro a alenje ndinamaliza ndipo khadi ndili nayo, mfuti ndinagula ya .270 Winchester. Chimene chikundizunguza mutu ndi kusankha dera. Anzanga a kuntchito akungotchula Gunnison, akuti n'kumene kuli zamphongo za nyanga zikuluzikulu, koma ndikatsegula kabuku ka Colorado Parks and Wildlife, bungwe la chigawochi loyang'anira nyama zakutchire, ndikungoona manambala a mayuniti, omwe ndi madera osakira, ndi a nyengo zosakira, osadziwa pogwira. Kulembetsa ziphaso zosakira kutsekedwa Lachiwiri loyamba la Epulo. Kodi munthu woyamba kumene ayambire pati?

Bambo Mbewe, Grand Junction

Mwachita bwino kufunsa mu Febuluwale muno, a Phiri, chifukwa ulenje wa kuno umayambira pa mapepala, munthu asanaponde n'komwe m'tchire. Ku Colorado, kuyambira mu 1999, ziphaso zosakira mule deer n'zowerengeka: a Colorado Parks and Wildlife amaika chiwerengero cha ziphaso pa yuniti iliyonse ndi nyengo iliyonse, ndipo olembetsa akachuluka kuposa ziphaso, amayamba kupatsidwa ndi amene ali ndi mapointi ambiri. Munthu amapeza pointi imodzi pachaka, akalembetsa n'kulephera kupeza chimene anaika poyamba pafomu. Zimene mwamva za Gunnison n'zoona, koma ziphaso za Novembala za kumeneko zimapita kwa anthu amene akhala akusunga mapointi zaka zambiri, pamene inu mulibe ngakhale imodzi.

Musataye mtima, chifukwa fomuyo ili ndi malo anayi osankha, ndipo mapointi amagwira ntchito pa malo oyamba okha. Mutha kuika nambala yopempha pointi pa malo oyamba, kenako pa malo achiwiri n'kuika yuniti imene chaka chatha ziphaso zake sizinathe pa chisankho choyamba. Mukatero mumapeza pointi ya chaka chino, komanso mwina n'kupeza chiphaso chokasakira chaka chomwechino. Malipoti a mmene maere anayendera chaka chatha ali pa tsamba lawo la pa intaneti, yuniti ndi yuniti. Musanalembetse mudzayenera kugula kaye chiphaso china chokuyenerezani kulowa m'maere, monga cha nyama zing'onozing'ono, pamodzi ndi sitampu yothandizira kusamala malo okhala nyama.

Maganizo anga ndi akuti musaike mtima pa nyanga. Ndaonapo anthu akusunga mapointi zaka khumi osalowa m'tchire, ndipo chiphaso chosiririkacho chitawagwera anapezeka kuti sadziwa kuwerenga mphepo, sadziwa kumene nyama imagona masana, sadziwanso kuisenda. Sankhani yuniti yosavuta kupeza, imene mungathe kupitako Loweruka ndi Lamlungu m'miyezi yotentha, ndipo muziibwerera chaka ndi chaka mpaka muidziwe chigwa ndi chigwa.

Bambo Nkhoma, South Bend

Zikomo kwambiri, a Mbewe. Ine ndine mlamu amene watchulidwayo, ndipo ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ndili pa viza ya ophunzira, ndipo ndinamva kuti munthu wa viza yotere saloledwa kugwira mfuti. Yachiwiri ndi yakuti tinkafuna kulembetsa ngati gulu kuti tikapeza tipezere limodzi, koma ine sindine nzika ya Colorado. Kodi zimenezi sizingawatsekereze mwayi alamu anga?

Mayi Nangondo, Denver

A Nkhoma, nkhawa yanu yoyambayo musaitenge mopepuka. Lamulo la boma lalikulu la United States limaletsadi munthu amene analowa m'dziko pa viza ya kanthawi, monga ya ophunzira kapena ya alendo, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo kuphwanya lamuloli ndi mlandu waukulu umene ungathe kuwononga maphunziro ndi mapepala a munthu. Lamulo lomwelo lili ndi mpata: amene ali ndi chiphaso cha ulenje chovomerezeka, choperekedwa m'dziko lino ndiponso chosatha ntchito, chiletsocho sichimukhudza. Tanthauzo lake n'lakuti chiphaso chiyambe, mfuti ibwere pambuyo, ngakhale yongobwereka yokayesera pa bwalo lowombera. A Phiri ali ndi green card, chilolezo chokhala m'dziko lino mokhazikika, choncho iwo nkhani imeneyi siikuwakhudza. Inuyo ndikupemphani kuti musadalire mawu a pagulu pano pokha, koma mukafunse loya wodziwa za olowa m'dziko, ndipo mukumbukire kuti masukulu ambiri ali ndi malamulo awoawo oletsa mfuti m'nyumba zogona ophunzira.

Bambo Mbewe, Grand Junction

Pa za gulu, ku Colorado gulu limalowa m'maere ndi mapointi a munthu amene ali ndi ochepa, ndipo popeza nonse mulibe, pamenepo palibe chotaya. Vuto lili poti ziphaso za anthu ochokera kunja kwa chigawo zili ndi malire ake, ndipo malirewo akakwana, gulu lonse limene muli mlendo limagwa. Komanso mtengo wa chiphaso cha mlendo ndi pafupifupi kuwirikiza kakhumi wa nzika. Ndikanakhala ine, a Nkhoma, chaka chino ndikanabwera wopanda mfuti. Woperekeza safunika chiphaso, ndipo ntchito yoyang'ana nyama ndi magalasi oonera patali komanso yonyamula nyama njaikulu kuposa yokoka kachitsulo ka mfuti kamodzi.

Ndinenenso chinthu chimodzi chimene ife a kumudzi timachiphonya mosavuta. Pa uzimba wa kwathu nyama inkakhala ya gulu, wolasa ndi wotsiriza onse ankagawana, ndipo agalu ndi moto zinali mbali ya ntchitoyo. Kuno chiphaso ndi cha munthu mmodzi ndi nyama imodzi. Ngati chiphaso n'cha a Phiri, wowombera ndi a Phiri basi. Wina akawawomberera, onse awiri apalamula, ngakhale nyamayo akaidyere mphika umodzi. Kuthamangitsa mule deer ndi agalu, kuiikira nyambo, kuifunafuna ndi drone, kuwombera muli pamsewu kapena modutsa msewu, kuyenda m'galimoto mfuti ili ndi chipolopolo chokonzeka, zonsezi n'zoletsedwa. Nyama mutha kugawira abale, koma kugulitsa ndi mlandu.

Bambo Nkhoma, South Bend

Ndamva, ndipo za loya ndichita sabata ino. Komabe sindikufuna kuti chaka chipite chabe, chifukwa nanenso ndikufuna kudzasaka ndekha mtsogolo muno. Ndiganiza zolembetsa pandekha kuti ndipeze pointi yokha, alamu alembetse paokha ngati nzika, ndipo ine ndibwere ngati woperekeza. Maphunziro a alenje ndichitira konkuno ku Indiana, popeza ndaona kuti khadi ya chigawo chimodzi imalandiridwa m'zigawo zina.

Bambo Mwale, Laramie

Ndilowererepo pa nkhani ya malo, chifukwa mawu akuti malo a boma amapusitsa anthu ambiri. Bungwe la Bureau of Land Management, limene tonse timangoti BLM, limayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, ndipo Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango, ili ndi pafupifupi 193 miliyoni. Pa malo ambiri a mabungwe awiriwa munthu aliyense wachiphaso angasake ndi kumanga tenti kwaulere, kawirikawiri mpaka masiku 14 pamalo amodzi. Koma malo a boma ndi a anthu eni ake ndi olowanalowana, makamaka m'zigwa momwe muli madzi, ndipo ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kumanga mpanda kapena kukhoma chikwangwani. Udindo wodziwa pamene mwaponda ndi wa mlenje. Mpanda wa waya umene mungaone suli malire nthawi zonse: ina ndi yongotchingira ng'ombe zodya msipu pa malo a BLM, ndipo malire ena enieni alibe mpanda n'komwe. Ikani mufoni pulogalamu ya mapu yosonyeza eni malo, monga onX Hunt, mukopere mapuwo muli kunyumba chifukwa kumeneko netiweki kulibe, ndipo mutengenso mapu a pepala. Nyama yolasidwa ikathawira pa malo a munthu, simungaitsatire popanda chilolezo chake. Malo a chigawo otchedwa State Trust Land nawo si onse otsegulidwa kwa alenje, koma okhawo amene ali pa ndandanda wa Colorado Parks and Wildlife.

Kuno ku Wyoming tili ndi malo odulidwa timabwalo tosinthanasinthana, ka boma apa, ka munthu apa, chifukwa m'zaka za m'ma 1860 boma linkapatsa kampani ya njanji ya Union Pacific chigawo chimodzi n'kudumpha china. Alenje anayi ochokera ku Missouri anaimbidwa mlandu chifukwa chodutsa pangodya pamene timabwalo tiwiri ta boma takumana, pafupi ndi Elk Mountain, osaponda dothi la mwini famu. Mu Malichi 2025 khoti la apilo la Tenth Circuit linagamula kuti sanalakwe, ndipo Colorado ili m'dera la khoti limenelo. Ngakhale zili choncho, kwa munthu woyamba ndinganene kuti asankhe yuniti imene malo a boma ndi aakulu ndiponso ogwirana, kuti maganizo akhale pa nyama osati pa ngodya. Mutengenso mapu a Forest Service osonyeza misewu yololedwa galimoto, ndipo mudziwe kuti m'malo otchedwa wilderness, malinga ndi lamulo la 1964, simulowa galimoto, njinga, ngakhale kangolo kokankha konyamulira nyama.

Mayi Nabanda, Fort Collins

Ine si mlenje, koma ndimagwira ntchito yokhudza matenda a ziweto, ndipo sindingakhale chete pa zinthu ziwiri. Choyamba, nyama zimenezi zachepa. Ku Colorado zinkayerekezedwa kukhala pafupifupi 600,000 mu 2006, koma pofika 2013 zinali pafupifupi 390,000. Zifukwa zake n'zambiri: nyumba zomangidwa m'zigwa momwe nyama zimathawira nthawi yozizira, misewu ya migodi ya mafuta ndi gasi, chilala, udzu wachilendo wa cheatgrass umene umayaka msanga n'kulanda malo a zitsamba za sagebrush, ndi magalimoto m'misewu ikuluikulu. Nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023 inapha nyama zochuluka kumpoto chakumadzulo kwa Colorado ndi kumwera kwa Wyoming, moti ziphaso za madera a Craig ndi Meeker zinachepetsedwa kwambiri. Sindikunena kuti musapite. Ndalama za ziphaso, pamodzi ndi msonkho wa 11 peresenti wa pa mfuti zazitali ndi zipolopolo umene lamulo la Pittman-Robertson la mu 1937 linaupatulira ntchito yosamala nyama zakutchire, ndizo zimalipira kuwerenga nyamazi ndi kukonza malo awo. Ndikungopempha kuti musankhe chiphaso cha yamphongo, chifukwa kukula kwa gulu kumadalira zazikazi.

Chachiwiri ndi nthenda ya chronic wasting disease, CWD, imene inaoneka koyamba mu 1967 pa mule deer zosungidwa pamalo ofufuzira konkuno ku Fort Collins. Siyambitsidwa ndi bakiteriya kapena vairasi, koma ndi puloteni yopindika molakwika imene imawononga ubongo, ndipo kuphika sikuipha. Nyama imatha kukhala nayo kupitirira chaka ikuoneka yonenepa bwinobwino. Musanasankhe yuniti, yang'anani mapu osonyeza kuchuluka kwa nthendayi, chifukwa madera amasiyana kwambiri, ndipo zamphongo zikuluzikulu ndizo zimapezeka nayo kawirikawiri.

Bambo Phiri, Aurora

Mayi Nabanda, mwandikhudza pamenepo, chifukwa kunyumba kwathu mutu ndi zam'kati sititaya, ndipo mayi a kunyumba anayamba kale kuwerengera chiwindi. Kodi zonsezo tizisiye m'tchire? Nanga kuyezetsa kumachitika bwanji? Ndifunsenso a Mbewe kuti pa nyengo zosakira zimene zili m'kabukumu, yoyenera ife ndi iti.

Mayi Nabanda, Fort Collins

Palibe munthu amene anatsimikizidwa kuti anadwala CWD, komabe a CDC, bungwe la boma la United States loona za matenda, amalangiza kuti nyama yopezeka ndi nthendayi isadyedwe. Mwambo wathu wodya mutu uyenera kusiyidwa pa nyama imeneyi: ubongo, maso, fupa la msana ndi mtsempha wake, kapamba ndi anabere musadye, ndipo musadule msana ndi sowo pokonza nyama. Valani magolovesi posenda. Poyezetsa mumapereka mutu wokhala ndi kachigawo ka khosi ku ofesi ya Colorado Parks and Wildlife pasanathe masiku 5 chiphereni nyamayo, ndipo iwo amachotsa anabere a kukhosi n'kutumiza ku labotale. M'mayuniti ena kuyezetsa n'kokakamiza ndipo n'kwaulere, ndipo amakulemberani kalata. Mnofu, mtima ndi chiwindi muziike mufiriji, zolembedwa bwino, osadya mpaka zotsatira zitatuluka. A Nkhoma akafuna kutengako ku Indiana, atenge mnofu wochotsa mafupa, chifukwa zigawo zambiri zimaletsa kulowetsa mutu ndi msana wa nyama yochokera kumene kuli nthendayi.

Bambo Mbewe, Grand Junction

Nyengo yachiwiri ya mfuti, imene imayamba kumapeto kwa Okutobala, ndiyo mungaipeze mosavuta. Yachitatu ndi yachinayi zili mu Novembala, pamene zamphongo zimayamba kutsata zazikazi n'kumayenda poyera masana, ndiye chifukwa chake zimafuna mapointi ambiri. Kumapeto kwa Okutobala zamphongo zimakhala zochenjera ndipo zimabisala m'ziyangoyango za Gambel oak ndi m'nkhalango za pinyon ndi juniper, choncho ulenje wake ndi wa maso, osati wa miyendo.

Mukwere pachitunda kukadali mdima, mukhale pansi msana utatsamira mwala kuti musaonekere pamlengalenga, muike magalasi oonera patali pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo muyambe kupenya phiri la kutsidya pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Musayembekeze kuona nyama yathunthu. Ubweya wake nthawi imeneyi ndi wotuwa ngati sagebrush yemweyo, ndipo chimene chimaiulula ndi kanthu kakang'ono: khutu lalikulu likugwedezeka, banga loyera la kumbuyo lokhala ndi kamchira kakuda kunsonga, kapena nsonga ya nyanga itang'anima dzuwa likamatuluka. Dzuwa likakwera imasiya kudya zitsamba za bitterbrush ndi mountain mahogany, n'kupita kukagona pamthunzi, kawirikawiri mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, nkhope italoza kunsi ndipo mphepo ikuibwerera kumbuyo. Mukaiona pamene yagona, ndiye nthawi yoyamba kuizembera. Mphepo ya m'mapiri ili ndi khalidwe lake: m'mamawa mpweya wozizira umatsika m'chigwa, dzuwa likatenthetsa phiri umatembenuka n'kumakwera, ndipo madzulo umatsikanso. Nyama ikangomva fungo lanu imadumpha ndi miyendo inayi nthawi imodzi, n'kuoloka chitunda musanakweze mfuti.

Mfuti yanu ya .270 njokwanira, ndipo ikupitirira .24, kukula kochepetsetsa kumene lamulo limalola. Chofunika ndi kuizolowera. Muyesere mutakhala pansi, mfuti itatsamira pachikwama, osati pabenchi pokha, ndipo mtunda umene mumamenya mbale ya pepala nthawi zonse ndiwo malire anu. Kwa woyamba ndinganene kuti asapitirire mamita 200. Lozani kuseri kwa phewa, pamapapo, nyama itaima chopingasa, ndipo muonetsetse chimene chili kuseri kwake. Kuwombera kumaloledwa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa. Muvale chovala cha olenji wowala kapena pinki wowala chokwana masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno, kuphatikizapo chipewa chooneka mbali zonse. A Nkhoma nawonso avale, ngakhale alibe mfuti.

Bambo Mwale, Laramie

Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndiwonjezere kuti malo amene mudzaone nyama mu Ogasiti si kumene mudzaipeze mu Okutobala. Mule deer zimasamuka, m'miyezi yotentha zili pamwamba m'mitengo ya aspen, chipale chofewa chikagwa zimatsikira ku malo a BLM a sagebrush. Kuno ku Wyoming zilipo zoyenda makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Red Desert kukafika ku Hoback. Choncho pokayendera malo mukonzeretu zitunda zopenyera zitatu, cham'mwamba, chapakati ndi cham'munsi, kuti nyengo ikakusankhireni yokha.

Ndipo musanawombere muzidzifunsa mmene nyamayo itulukire. Yamphongo yaikulu imatha kufika makilogalamu 100, ndipo mnofu wake wokha ndi katundu wolemera wa anthu awiri pachitunda chotsetsereka. Ikagwa, sainani chiphaso n'kuchimangirira pa nyamayo musanaisunthe. Isendeni mbali imodzi, muchotse mwendo wathako, wamwamba, mnofu wa kumsana ndi wa m'kati mwa msana, muike m'matumba a nsalu opitisa mphepo, mutembenuze n'kuchita chimodzimodzi, kenako mupachike matumbawo pamthunzi kuti nyama izizire msanga. Lamulo limafuna kuti miyendo inayi ndi minofu ya kumsanayo zituluke m'tchire, ndiponso kuti chiwalo chosonyeza kuti ndi yamphongo chikhalebe cholumikizika ku mwendo umodzi, chifukwa mutu wodulidwa paokha suwerengedwa ngati umboni. Kutenga nyanga n'kusiya mnofu ndi umodzi mwa milandu imene alonda a nyama saikhululuka. Ine sindisaka patali kuposa pamene ndingathe kutulutsa nyama tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Mayi Nangondo, Denver

Palibe amene watchula za thupi. A Nkhoma akuchokera ku chidikha cha Indiana, ndipo malo amene mukukambawa ena ali pamtunda wa mamita 2,700 mpaka 3,000, kufanana ndi nsonga ya Sapitwa. Afike msanga, agone usiku umodzi kapena uwiri kuno ku Denver, pa mamita 1,600, asanakwere. Mutu ukamapweteka kwambiri, kusanza kapena kubanika ngakhale munthu atakhala pansi, mankhwala ake ndi kutsika, osati kupirira. Usiku wa kumapeto kwa Okutobala madzi amaundana m'botolo, choncho zovala za thonje zisiyeni, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimazizira pathupi. Musiyire a kunyumba pepala lolemba yuniti, msewu, malo a tenti ndi tsiku lobwerera, ndipo ngati mungathe mubwereke kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa satelaiti.

Bambo Phiri, Aurora

Zikomo nonse. Gunnison ndaisiya. Ndakhala ndikuyang'ana malipoti a chaka chatha, ndipo maso anga ali pa mayuniti a mbali ya Uncompahgre Plateau, chifukwa pamwamba pali nkhalango ya Forest Service ndipo m'munsi muli malo a BLM ogwirana, monga a Mwale anenera. Ndiika pointi poyamba, ndipo pa malo achiwiri ndi achitatu ndiika nyengo yachiwiri ya mfuti, ya yamphongo, ndikatsimikiza ndi malipotiwo kuti ndi ziti zimene zinatsala. A Mbewe, kumeneko ndi kufupi ndi kwanu. Kodi kukayendera malo ndiyambe liti, ndipo galimoto yanga ya matayala anayi okoka koma yosakwera kwambiri ingafike?

Bambo Mbewe, Grand Junction

Zotsatira za maere zimatuluka kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ndipo zikakanika pali maere achiwiri pakati pa chaka ndi ziphaso zotsala zimene zimagulitsidwa kumayambiriro kwa Ogasiti, choncho musasiye kuyang'ana. Bwerani koyamba mu Julaye kudzaphunzira misewu ndi kumene kuli madzi, kenako mudzabwerenso kumayambiriro kwa Okutobala kudzaona kumene nyama zafika. Msewu waukulu wa pamwamba, Divide Road, galimoto yanuyo iyenda bwino kukakhala kouma. Misewu ya m'munsi ndi ya dothi la makande limene likanyowa limamata matayala mpaka galimoto kumangotsetsereka chammbali, choncho mugule matcheni a matayala onse anayi ndi fosholo, ndipo muyesere kuwamanga muli pakhomo. Tenti mudzaimange pafupi ndi msewu wa miyala, kwinako mudzayende wapansi. Mukadziwa Loweruka limene mukubwera mu Julaye, mundilembere kuseri, tidzakumane ku Delta m'mamawa ndikakuonetseni zitunda zopenyera za mbali ya kum'mawa.